Ophunzira ayambire pa zidole

A Mkonzi,

Ophunzira unamwino ndi udokotala asamayambire pa odwala enieni, aziyamba ayeserera pa zidole zophunzitsira.

Ndagwira uzamba kuno ku Harare. Mwana akabadwa osapuma, mzamba amakhala ndi mphindi imodzi yoti ayambe kumupopera mpweya. Manja osazolowera amanjenjemera, mpweya n'kumathawira m'mbali mwa chophimba kukamwa osalowa m'mapapo. Pa chidole wophunzira amalakwa, n'kuwongoleredwa, n'kubwerezanso, popanda maliro. Nafenso akale luso limatithawa tikakhalitsa osachita, ngakhale sitikonda kuvomera.

Unduna wa Zaumoyo ukhazikitse tsiku loyeserera mwezi uliwonse ku zipatala zazikulu za Parirenyatwa ndi Sally Mugabe, ndipo anamwino a m'makiliniki a ku Mbare ndi Highfield aziitanidwanso.

Mzamba wopuma ntchito,
Mufakose, Harare