Lipoti la msonkhano wa owerenga mabuku: mkazi wa m'chipinda cham'mwamba uja

Apampando ndi mamembala nonse, kumsonkhano komwe munandituma ndabwerako bwino. Ndalama yoyendera yomwe inatsala ndapereka kale kwa amsungichuma.

Zokambidwa zinali zambiri, koma nkhani yomwe inautsa mkangano ndi ya Bertha Mason wa m'buku la Jane Eyre, lomwe Charlotte Brontë anatulutsa mu 1847. Mukukumbukira kuti Rochester anatsekera mkazi wakeyu m'chipinda cham'mwamba kunyumba kwake ku Thornfield, n'kulemba Grace Poole kuti azimulondera, ndipo chinsinsicho chinaululika m'tchalitchi tsiku lomwe ankati akwatire Jane.

Mayi amene ankatsogolera gulu lathu anati titsegule mabuku, tipeze pamene Bertha akudziyankhulira yekha. Tinavundukula masamba mpaka tiyi anazizira m'makapu. Osapeza. Timangomva kuseka kwake usiku, timamuona akung'amba velo la Jane, timamva zoti wayatsa bedi la mwamuna wake. Zoti misala ndi yakumtundu kwawo ku Jamaica, zoti anali chidakwa komanso wachimasomaso, akutiuza ndi Rochester, yemweyo amene ukwatiwo unamubweretsera mapaundi 30,000. Nthawi imeneyo ku England chuma cha mkazi chinkagwera m'manja mwa mwamuna akangokwatirana, ndipo lamulo linadzasinthiratu mu 1882.

Bambo wina anaikira kumbuyo Rochester. Anati mkuluyu manja anali omangika, poti kuthetsa banja chifukwa cha misala kunadzaloledwa mu 1937. Pamenepo sananame. Koma mtsikana wina anamukumbutsa za Rosina Bulwer Lytton, munthu weniweni osati wa m'buku: mu 1858 anadzudzula mwamuna wake pamsonkhano wandale ku Hertford, mwamunayo n'kukonza zoti amutsekere ngati wamisala. Anatuluka patangopita masabata ochepa anthu atachita phokoso. Bamboyo anangoti phee.

Ine sindikunena kuti Bertha anali bwinobwino, poti iyeyo analuma ndithu mlongo wake Richard. Chondivuta n'chakuti ife tinaweruza mlanduwu chaka chatha titamva mbali imodzi, ndipo ndine ndinkafuula kwambiri kuti Rochester ndi womvetsa chisoni.

Pempho langa n'lakuti mwezi wamawa tiwerenge Wide Sargasso Sea, buku la 1966 la Jean Rhys wobadwira ku Dominica, momwe mkaziyu akusimba yekha ubwana wake ndipo dzina lake ndi Antoinette. Ndabwera nalo limodzi lokha, ndiye tigwirizane Loweruka ngati tizibwerekana kapena tisonkhe togulira ena.