Zikomo kwa anamwino a ku sikelo amene anandiwerengera masiku a ulendo

Kwa Mkulu wa Chipatala,
Chipatala chathu chaching'ono,
Boma la Angónia, Chigawo cha Tete.

Bambo,

Ndikudziwa kuti makalata ambiri ofika pa tebulo panu amakhala a madandaulo, ndiye musadzidzimuke, iyi si yotero ayi. Ndalemba kuti ndithokoze anamwino amene amakhala ku sikelo ya ana, aja ochepa thupi, ovala magalasi. Dzina lawo sindilemba kuopa kuwachititsa manyazi, koma inu mukuwadziwa.

Mwana wanga wamwamuna anali ndi miyezi 17. Pa khadi lake panalembedwa kuti jakisoni wachiwiri wa chikuku adzabayitse akakwana miyezi 18, monga mmene zimakhalira kuno ku Mozambique. Tsoka ilo, tsikulo linagwera pakati pa ulendo. Kwawo kwa bambo a mwanayu, ku Dedza, anakonza zoika chiliza cha apongozi anga aamuna, ndipo tinagwirizana kuti tikawoloka malire pa Calómuè sitibwerako msanga, chifukwa apongozi aakazi miyendo ikuwavuta, amafuna munthu wowasamalira kwa kanthawi. Alamu anga a ku Dedza anandiopsa pa foni kuti kwawoko jakisoni ameneyu amabaya pa miyezi 15, choncho mwana wanga wachedwa kale. Anzanga a pamudzi nawo akuti dikira, udzabayitsa ukabwerako, ana onsewa anakula bwanji? Ine ndiye mutu unaima. Pa chiliza pamasonkhana ana a mbali zonse, a ku Lilongwe, a ku Ntcheu, a kuno kwathu, onse kugona nyumba imodzi, ndipo chikuku ndinachionapo kwa mwana wa mchemwali wanga: maso ofiira, thupi lonse tizilonda, chifuwa chosatha. Sindinkafuna kuti changa chikumane nazo.

Koma kunena zoona, Bambo, miyendo inkalemera kubwera kudzafunsa. Mwana wanga woyamba ndinamulera tikukhala dera lina, ndipo zimene ndinaona ku chipatala cha kumeneko sindidzaiwala. Unkalawirira m'bandakucha, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, mwana kumsana, kukaima pa mzere mpaka dzuwa kufika pamutu, kenako wina n'kusuzumira pa zenera: lero kulibe, bwerani mawa. Mawalo akuti firiji yawonongeka. Ulendo wina akuti amene amasunga kiyi wapita ku msonkhano. Tsiku lina khadi linanyowa ndi mvula panjira, ndinakalipiridwa pamaso pa azimayi onse, m'Chipwitikizi chothamanga chimene ine wa pulayimale ndinangotolamo mawu awiri atatu, ndipo onse anali achipongwe. Panalinso wina amene ankayang'ana m'manja mwako asanayang'ane mwana, kudikira ya refresko, chonsecho katemera boma limapereka ulere. Chimene chinkandidabwitsa ndi ichi: mu 2022, poliyo atapezeka ku Lilongwe kenako kuno ku Tete, a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kudontheza mankhwala m'kamwa mwa ana, kuwapaka inki pa chala, mpaka kutilondola ku munda. Pamenepo ana athu anali ofunika. Nanga bwanji mayi akabwera yekha ndi miyendo yake azibwezedwa ngati wabwera kudzapempha ngongole?

Ndiye tsiku limenelo ndinabwera nditamanga mtima. Ndinali nditakonzekera kumva kuti tsiku lanu silinakwane, pitani, kapena kufunsidwa kuti ulendowo ndi wofunika kuposa mwana kodi.

Atamuyeza mwana pa sikelo, ndinalowa kwa anamwinowo ndipo ndinayamba kufotokoza mwachibwibwi, m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka. Iwo anakweza dzanja n'kunena m'chinenero chathu: "Mayi, khalani pansi kaye, mundiuze bwinobwino. Mukupita liti, mukubwera liti?" Basi, mtima unayamba kutsika. Sanandifunse chifukwa chiyani ndikuyenda. Atamva kuti ndi chiliza anati pepani, ndipo anafunsa ngati apongoziwo anadwala nthawi yaitali. Munthu wa yunifolomu kundipepesa maliro a chaka chatha!

Kenako anachita chinthu chimene mwina kwa inu n'chaching'ono. Anachotsa kalendala pa khoma, n'kuiika pa tebulo pakati pa ine ndi iwo, n'kuyamba kuwerenga masiku ndi chala, ine ndikuona. Anati jakisoni woyamba mwana analandira pa miyezi 9, papita nthawi yokwanira, choncho wachiwiri angathe kulandira lero popanda vuto. Anandiuza kuti thupi limatenga masabata awiri kapena atatu kuti limange chitetezo, ndiye kubaya mawa lake mukukwera chapa (minibasi) sikuthandiza mokwanira. Anatinso ana ena amatentha thupi, ena amatuluka tizidzolo, osati tsiku lomwelo koma pakapita sabata kapena kupitirira pang'ono. Anaika chala pa tsikulo, n'kuchisuntha kufika pa tsiku la ulendo, n'kumwetulira: "Mwaona? Akatentha thupi, atenthera pakhomo panu, osati m'chapa." Zaka zonsezi ndakhala ndikubayitsa ana, palibe anandiuzapo zimenezi. Ndinkangodziwa kuti ukatuluka umupatse panado basi.

Ine ndinali nditamva kuti wa chikuku ali ndi tsiku lakelake, ndiye ndinafunsa mwamantha. Anandifotokozera kuti botolo limodzi limakwanira ana 10, ndipo akalisungunula liyenera kutha pasanathe maola 6, zotsala amataya, n'chifukwa chake malo ena amakonda kuunjika ana tsiku limodzi. Atatero anatuluka okha panja kukafunsa pa mzere ngati pali ana a miyezi 9 kapena a chaka ndi theka. Anapezeka angapo, ndipo amayi awo anasangalala kuti sadzabweranso ulendo wina. Pobwerera anandinong'oneza kuti ngakhale mukanakhala nokha, ndikanatsegula. Za mabuku aakulu amene analembamo ndi zina zimene anachita ndi anzawo sindinazitsate, maso anga anali pa mwana. Ndinangoona kuti wapatsidwanso vitamini A ndi mankhwala a njoka zam'mimba.

Mwana analira ndithu, mnyamata ameneyu ali ndi mawu. Anamwinowo sanamukalipire, anamupatsa kabokosi kopanda kanthu kuti aziseweretsa, iwo akulemba. Kumbuyo kwa khadi analemba m'Chichewa, ndi zilembo zikuluzikulu, zimene mwana walandira ndi tsiku lake, kuti a ku Dedza akaliona asavutike ndi Chipwitikizi. Kenako anayang'ana khadilo, m'mphepete mwake momwe mwana anatafuna, ine ndili apa ayamba tsopano. Ayi ndithu. Anatsegula chikwama chawo, n'kutulutsa kajumbo ka pulasitiki komwe munali buledi wawo wa nkhomaliro, buledi n'kumuika pa pepala, kajumbo n'kukakutumula, khadi langa n'kulowetsamo. "Pa ulendo zinthu zimanyowa," anatero. Bambo, ndinatuluka ndikupukuta misozi ndi chitenje, azimayi panja n'kumaganiza kuti ndakalipiridwa. Ndinawauza kuti ayi, lowani muone nokha.

Zinayenda monga ananenera. Mwana anatentha thupi pang'ono tikadali kunyumba, kenako n'kuyambanso kuthamangitsa nkhuku. Ku Dedza kunali ana ambiri, ena akutsokomola usiku wonse, ine ndinkagona tulo. Alamu anga aja anawerenga kumbuyo kwa khadi n'kukhala chete. Kajumbo kaja ndikusungirabe khadi mpaka lero.

Sindikunena kuti onse a pa chipatala panu ali chimodzimodzi. Alipo ena pa zenera lolembetsera amene moni wathu amauyankha ndi mphuno, foni ili m'manja, ndipo inu mukamadutsa m'mawa mungathe kuwaona. Sinditchula munthu. Ndingopempha kuti amene akubwera kudzaphunzira ntchito muziwakhazika kwa mayi amenewa sabata imodzi, ndipo mukakumana ndi akuluakulu anzanu a zipatala zina ku Ulongwe, muwauze kuti kalendala imachoka pa khoma.

Muwapatsire moni wanga anamwinowo, ndipo muwauze kuti mayi wa ku chiliza uja wabwerako bwino. Mbatata ya kachewere tikakumba ndibwera nayo pang'ono, musawaletse kulandira, si refresko imeneyo. Tidzaonana tsiku la sikelo.

Ine wanu,
Mayi wa ana awiri,
wa kufupi ndi Ulongwe.