Achinyamata opanga mapulogalamu, funsani Windows tizithunzi ta mafayilo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene akuphunzira kupanga mapulogalamu a pakompyuta. Chaka chatha ndidapangira kalabu ya alimi a tiyi kwathu kuno kapulogalamu kosungira malisiti ndi makalata. Mlembi wa kalabuyo ndi mayi wachikulire, Chingerezi sachidziwa kwenikweni, koma fayilo iliyonse amaizindikira ndi kachithunzi kake: kobiriwira ndi Excel ya ndalama za masamba, ka buluu ndi kalata ya Word, kofiira ndi PDF. Ine pofuna kukongoletsa ndidajambula tizithunzi tangatanga. Tsiku loyamba lomwelo mayi aja adandifunsa kuti, "Mwanangu, mabuku anga aja mwawapititsa kuti?" Mafayilo adalipo onse, koma nkhope zake zidali zachilendo kwa iwo.

Apo m'pamene ndidadziwa kuti Windows imasunga kale mu Registry, kaundula wake wa m'kati, kachithunzi ka mtundu uliwonse wa fayilo. Pulogalamu yanu ingofunsa kudzera mwa lamulo la SHGetFileInfo lopezeka mu fayilo ya Windows yotchedwa shell32.dll. Olemba mapulogalamu ndi Java ali ndi getSystemIcon, a Qt ali ndi QFileIconProvider, zogwira ntchito yomweyo. Mukathana nako kachithunziko musaiwale kukachotsa ndi lamulo la DestroyIcon. Ine ndidaiwala, pulogalamu n'kuyamba kuuma, chifukwa Windows silola pulogalamu imodzi kusunga zinthu zotere zopitirira 10,000.

Koma chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi ma flash. Fayilo ya .exe, yomwe ndi pulogalamu, imabwera ndi kachithunzi kakekake, ndiye ma virus amene amayenda m'ma flash athuwa amavala kachithunzi ka folder. Windows nayo imabisa kamchira ka dzina la fayilo, monga .exe, munthu n'kutsegula poganiza kuti ndi folder yake. Chimandipweteka n'chakuti ovutikawo ndi anthu ngati mayi aja, amene amakhulupirira zomwe maso awo aona.

Ndiye pofunsa Windows kachithunzi musapereke fayilo yeniyeniyo. Perekani kamchira kokha, monga .exe, muike chizindikiro cha SHGFI_USEFILEATTRIBUTES mu SHGetFileInfo. Windows siikhudza fayiloyo, imangokupatsani kachithunzi ka mtundu wake, ndipo virus imaonekera poyera. Kamchirako kazionekanso pambali pa dzina.

Mwezi wathawu mlimi wina adabwera ndi flash yochokera kojambulitsa mapepala pa Chitakale. Mayi aja adaona m'kapulogalamu kaja fayilo ya dzina la folder koma yopanda kachithunzi kachikasu, sadaitsegule, adandiimbira foni.

Wowerenga wanu,
Chitakale, Mulanje