Tisadikire kuti LA afike pomwe anafika chloroquine

Mkonzi,

Ndikulemba ndili ku Johannesburg, komwe Januwale aliyense anzathu ena amatsika basi kuchokera kumudzi ali ndi malungo m'thupi. Mnzanga wina anangoti ndi chimfine, mpaka tinamunyamula ali chikomokere.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti kachirombo ka malungo kamazolowera mankhwala. Malawi anasiya chloroquine mu 1993, Fansidar nayenso anatha mphamvu, ndipo mu 2007 tinayamba LA. Pano ku Rwanda ndi ku Uganda kachiromboka kayamba kulimbalimba ku artemisinin, amene ali mu LA.

N'chifukwa chake ndikupempha nyuzipepala yanu kuti izitiuza za kafukufuku wa ma peptide. Awa ndi tizidutswa ta mapuloteni tomwe akatswiri amalumikiza okha mu labotale. Akatswiri ena anatengera nzeru pa peptide wotchedwa magainin, yemwe anapezeka mu 1987 pa khungu la chule wa kuno ku Africa. Tizidutswati timaboola khungu la kachirombo mpaka kufa, ndipo akutiyesa pa malungo ndi pa kaodzera, yemwe amavutitsa abale athu ku Nkhotakota ndi ku Rumphi.

Tizidutswati sitinafikebe m'zipatala ngati mankhwala a malungo. N'todula kupanga, komanso m'mimba timagayidwa ngati nyama. Koma ndikufunitsitsa akatswiri athu a ku Blantyre akhale nawo pa ntchitoyi.

Wowerenga wanu,
Johannesburg