Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za makompyuta a boma

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kuchokera ku Mangochi Boma, komwe ndimakonza makompyuta. Ntchitoyi imandilowetsa m'maofesi ambiri, ndipo zomwe ndimaonamo zandisowetsa mtendere.

Mwezi watha anandiitana ku ofesi ina yaikulu. Kompyuta yosunga kaundula wawo inali itazima. Nditaitsegula ndinapeza fani itagwidwa ndi fumbi, ndiye ndi kutentha kwa kunyanja kuno makinawo anangotopa. Kompyutayo imayendera Windows 7, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, yomwe a Microsoft anasiya kuisamalira mu Januwale 2020. Fumbi ndinachotsa, kompyuta inayaka. Koma pulogalamu ya kaundulayo inakana kudzuka. Amene anaiika anachoka kalekale, password yaikulu anapita nayo, buku lofotokoza m'mene imagwirira ntchito palibe anali ataliwonapo.

Panja pa benchi panakhala mayi wina wochokera ku Makanjira. Anali atadzuka mbandakucha, mwana kumbuyo. Kalaliki anamuuza mwaulemu ndithu kuti, "Mayi, sisitimu yagwa, mubwerenso mawa." Iye sanayankhe. Anangomasula nsonga ya chitenje n'kuyamba kuwerenga ndalama zotsala, kuti aone ngati zikwane chogonera ndi thiransipoti yobwerera. Ine ndinali pomwepo, sikuludiraiva kumanja, wopanda chomuthandizira.

A Nduna, vuto si ukalamba wa makina wokha. Vuto ndi loti timagula masisitimu koma makiyi ake timawasiya m'manja mwa eni.

Dziko lathu lalawapo kale kuwawa kwake. Mu 2013, nthawi ya Cashgate, anthu ankalowa mu IFMIS, sisitimu yoyendetsera ndalama za boma, kulemba macheke a katundu yemwe sanabwere, kenako n'kufufuta zonse. Boma linasintha sisitimuyo n'kuika ina ya kampani ya SAP, ndipo linachita bwino. Koma kumayambiriro kwa 2024 sisitimu ya mapasipoti inaima kwa masabata angapo, mpaka Lazarus Chakwera, yemwe anali Pulezidenti pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti ailanda ndipo akufuna dipo. Kuno ku Mangochi nkhaniyo inalowa m'nyumba zambiri, chifukwa mabanja ochuluka amadya ndi ndalama za ana awo a ku Joni. Pasipoti ikachedwa, malata a nyumba amachedwa, fizi nayo imachedwa.

Pempho langa ndi ili. Mgwirizano uliwonse wogula sisitimu yatsopano uzinena poyera kuti deta, kutanthauza zonse zosungidwa m'sisitimuyo, ndi ya boma la Malawi, ma password aakulu ndi mabuku onse zisiyidwe kwa ogwira ntchito athu, ndipo kampaniyo isalandire malipiro omaliza isanaphunzitse anthu athu mpaka atatha kuidzutsa okha ikagwa. Ana ophunzira zimenezi tili nawo, akutuluka m'mayunivesite a MUBAS ndi MUST chaka ndi chaka, ena akugulitsa mayunitsi m'misika.

Chinanso, musamazimitse sisitimu yakale tsiku lomwelo loyatsa yatsopano. Ziyende limodzi kwa miyezi ingapo, makalaliki aziyerekeza, chifukwa posamutsa kaundula ndi pomwe mayina amasochera. Kuno munthu mmodzi amatha kulembedwa Yusufu pena, Usufu pena, ndipo kompyuta imamuyesa anthu awiri. Amene angagwire cholakwikacho ndi kalaliki wa kuno, osati mlangizi wokhala ku hotela ku Lilongwe.

Ndipo sisitimu iliyonse muziyamba mwaiyesa m'maboma. Izitha kulandira zolemba magetsi atathima kapena netiweki itadula, n'kudzazitumiza pambuyo pake. Yoyenda bwino ku Capital Hill pokha singatithandize ife a ku Namwera, Chilipa ndi Monkey Bay.

Windows 10 nayo a Microsoft anasiya kuisamalira mu Okutobala 2025. Choncho tumizani akatswiri anu adzawerenge makompyuta a m'maofesi a boma lino, ndi kulemba dzina la amene akusunga password ya sisitimu iliyonse. Akadzafika ndidzawaperekeza ndekha.

Ine wanu,
Wokonza makompyuta, Mangochi Boma