Tiziphunzitsa ana gule pamodzi ndi maina a eni ake

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya maphunziro a zovinavina. Masiku ano m'matauni mwathu muno mwadzaza timagulu tophunzitsa ana kuvina, ena hip hop, ena amapiano, ena zongotola pa TikTok, ndipo ana akuvina bwino zedi, koma mukamufunsa mwana kuti sitepe ukuvinayi anayambitsa ndani amangoti ndinayiona pa foni. Mwanayo sindikumunena ayi, vuto lili ndi ife akuluakulu amene timaphunzitsa mapazi okha osatchulako munthu.

Pali gule wina dzina lake Lindy Hop amene lero akuvinidwa kwambiri ku Sweden ndi ku South Korea, moti munthu ukaona mavidiyo ake utha kulumbira kuti ndi gule wa azungu. Chonsecho anabadwira ku Harlem, dera la anthu akuda mu mzinda wa New York, ndipo anakulira mu holo yotchedwa Savoy Ballroom imene inatsegulidwa mu 1926. Nthawi imeneyo tsankho linali pachimake, ku Cotton Club, malo ena a zisangalalo konko ku Harlem, akuda ankangololedwa kuimba ndi kuvina pa siteji, mipando ya owonerera inali ya azungu, pamene ku Savoy onse ankavina pabwalo limodzi ndipo ulemu unkapita kwa wodziwa kuponda basi.

Mmodzi mwa akatswiri a pabwalo limeneli anali Frankie Manning, wobadwa mu 1914. Cha m'ma 1935 iyeyu ndi mnzake Frieda Washington anabwera ndi kavinidwe kamene anthu anali asanakaonepo, amatembenuzirana misana, kukolana mikono, kenako mwamuna nkuwerama kumugubuduza mkazi pamsana mpaka kukagwera kutsogolo ali chiimire osaphonya ng'oma olo pang'ono. Zoponyana m'mwamba zimene timaziona m'mipikisano ya guleyu zinakulira pamenepo. Mu 1941 gulu lawo linavina mu filimu ya Hellzapoppin', ndipo mpaka lero anthu amabwereza kuonera kagawo kameneka osakhulupirira kuti thupi la munthu lingathamange choncho. Koma taonani mmene anawavekera mufilimumo, akazi madiresi ndi maepuloni a antchito a m'nyumba, amuna wina chipewa cha khukhi wina ovololo, akatswiri a dziko lonse kuwaonetsa ngati alowa mwangozi kuchokera kukhitchini. Zimenezi zimandiwawa nthawi zonse ndikamaonera.

Nde nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha nyimbo zinasintha, mabandi akuluakulu anayamba kutha, ntchito zovina zinasowa, Manning anakalowa ntchito ku positi ofesi komwe anakhalako zaka pafupifupi 30. Savoy yomwe ija inatsekedwa mu 1958 nkugwetsedwa. M'zaka za m'ma 1980 ndi pamene achinyamata ena a ku America ndi ku Sweden, ataonera mafilimu akale aja, anayamba kufunsa kuti kodi anthu amenewa ali kuti, nkumupeza mkuluyo ali moyo. Manning anayamba kuphunzitsa atadutsa zaka 70, mu 1989 analandira Tony, mphoto yapamwamba ya zisudzo za pa siteji ku America, ndipo anapitiriza kuzungulira maiko akuphunzitsa mpaka pamene anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 94. Achinyamata aja akanangokopera masitepe osafunsa, bwenzi gule akupitirira mwini wake atayikidwa m'manda ngati wapositi wamba.

Si Manning yekha, kuli Katherine Dunham amene anapita ku Haiti kukaphunzira magule a kumeneko kwa eni ake nkudzatsegula sukulu ku New York, kuli Alvin Ailey amene anayambitsa gulu lake mu 1958, kuli Arthur Mitchell amene mu 1969 anayamba Dance Theatre of Harlem kuphunzitsa ana akuda ballet pamene anthu ankanena kuti thupi la munthu wakuda siliyenera gule ameneyo. Mphunzitsi wa zovina amene sangatchuleko ngakhale mmodzi mwa awa ndimamukayikira ndithu.

Kwathu kuno ku pulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, ana amavina beni, malipenga, chimtali, ingoma, makamaka kukabwera alendo. Koma ndi angati amauzidwa kuti beni ndi malipenga zinachokera pa kutsanzira perete wa asilikali nthawi ya atsamunda, kapena kuti ingoma inabwera ndi Angoni amene anawoloka Zambezi mu 1835? Timanyadira kuti UNESCO inazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, eya, koma mdala amene amadziwa kukunga ng'oma ndi kuiwamba pamoto mpaka ilire bwino ali m'mudzi momwemo pafupi ndi sukulu, palibe amamuitana, akaitanidwa amangomupatsa botolo la fanta.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zamaphunziro ndi amene amalemba silabasi ku Domasi ndi lakuti gule aliyense wophunzitsidwa azikhala ndi mbiri yake, ndipo masukulu aziitana azigogo odziwa magule kudzaphunzitsa, kuwalipira, ndi kulemba maina awo. Inunso a nyuzipepala tipatseni ka tsamba kamodzi pamwezi kofunsa anthu amenewa akadali moyo.

Ine wanu,
Kholo lokonda magule
Lilongwe