Malamulo a makirediti pa digiri ya uinjiniya: tiunike za ku India tisanakopere

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene imathera m'misonkhano ya akuluakulu a mayunivesite koma siifika kawirikawiri m'makutu mwa makolo amene amalipira fizi, ndiyo ya malamulo oyendetsera digiri yoyamba ya uinjiniya. Ndagwira ntchito yomanga misewu ndi milatho kwa nthawi yaitali, ndipo m'manja mwanga mwadutsa achinyamata amene anaphunzira konkuno, ena ku South Africa, enanso ku India, dziko limene ana athu ambiri akupitako masiku ano kukachita maphunziro a luso. Zikalata za magiredi za ochokera ku India zija n'zimene zinandichititsa kufufuza mmene malamulo akumeneko amayendera. Maganizo anga ndi akuti wophunzira apatsidwe ufulu pa liwiro limene akuyendera ndi pa maphunziro ena oonjezera, koma asapatsidwe ufulu wodumpha maphunziro amene ali msana wa ntchitoyi.

M'chaka cha 2015 bungwe loyang'anira mayunivesite ku India, University Grants Commission, linatulutsa ndondomeko yotchedwa Choice Based Credit System. Pa ndondomekoyi digiri imawerengedwa ndi makirediti amene munthu wasonkhanitsa, osati zaka zimene wakhala pasukulu. Kirediti ndi muyeso wa nthawi yophunzirira: ola limodzi la m'kalasi sabata iliyonse kwa semesita yathunthu limapereka kirediti imodzi, pamene mu labu pamafunika maola awiri kuti kirediti imodziyo ikwane. Motero phunziro la maola atatu a m'kalasi, ola limodzi lothetsa masamu pamodzi ndi mphunzitsi, ndi maola awiri a mu labu limakhala la makirediti asanu. Magiredi amayambira pa 10 kutsika, ndipo powerengera avereji, imene iwo amati CGPA, phunziro la makirediti ambiri limalemera kuposa laling'ono. Wopeza 8 pa phunziro la makirediti anayi ndi 5 pa la makirediti awiri, avereji yake imakhala 7, osati 6.5 monga mmene ambirife tingafulumirire kuwerengera.

Bungwe loona za maphunziro a luso, All India Council for Technical Education, linatsatira mu 2018 ndi silabasi yachitsanzo ya digiri ya zaka zinayi, ya makirediti 160, kutanthauza pafupifupi 20 pa semesita. Kagawidwe kake n'koyenera kukayang'anitsitsa, chifukwa anthu akamva zoti wophunzira amasankha yekha amaganiza kuti chilichonse n'chomasuka. Makirediti 25 ndi a masamu ndi sayansi, 24 ndi a maziko a uinjiniya monga kujambula mapulani, ntchito za ku wekishopu ndi zamagetsi, 48 ndi a maphunziro okakamizidwa a nthambi imene munthu wasankha, 12 ndi a chiyankhulo, utsogoleri ndi zaumunthu, ndipo 15 ndi a pulojekiti ndi nthawi yokaphunzira ntchito kumakampani. Otsala 36 okha ndi amene wophunzira amasankha, theka lake m'nthambi yake yomwe, theka linalo kunja kwake. Amene ali ndi mutu wakuthwa akhoza kuonjezera ena 20 kuti digiri yake ikhale ya Honours kapena ikhale ndi nthambi yaing'ono yapambali. Choncho ngakhale kumene ufuluwu umatamandidwa kwambiri, kusankha sikukwana ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a digiri yonse.

Chimene chimandikopa mtima pa dongosololi si kusankhako kwenikweni, koma mmene limachitira ndi munthu amene wapunthwa. Kumene malamulo amawerengera chaka chathunthu, wolephera phunziro limodzi kapena awiri, sapu n'kumukananso, amabwereza chaka chonse pamodzi ndi maphunziro amene anakhoza kale, apo ayi amawididwa. Mphwanga wina zinamugwera zimenezi pa sukulu ina imene sindiitchula. Anali m'chaka chachitatu pamene bambo ake anagonekedwa m'chipatala, iye n'kukhala wodikirira matenda mwezi wa mayeso utayandikira, ndipo analakwa phunziro limodzi la kayendedwe ka madzi m'mapaipi. Atauzidwa kuti abwereze chaka, banja linali litagulitsa kale zimene likanagulitsa, ndipo mwana amene anakhoza zonse za zaka ziwiri ndi theka anabwerera kumudzi ndi satifiketi ya Fomu 4 yomwe anapita nayo. Pa malamulo a makirediti akanabwereza phunziro lokhalo, uku akupitiriza ena amene sadalira phunzirolo, kapena akanatenga katundu wochepa semesita imeneyo n'kudzamaliza mochedwerapo. Mayunivesite a ku India amaika malire a nthawi, ena zaka 7, ena 8, ndipo ena salola munthu kulowa chaka chachitatu asanasonkhanitse makirediti okwanira, motero si kuti khomo limangosiyidwa pululu. Koma zimene munthu anakhoza zimakhalabe zake.

Ndondomeko ya maphunziro ya dziko la India ya 2020 inapita patsogolo ponena kuti wosiyira panjira azituluka ndi pepala lolingana ndi pamene wafika, satifiketi pakatha chaka, dipuloma pakatha zaka ziwiri, ndipo mu 2021 anakhazikitsa nkhokwe ya pa kompyuta yotchedwa Academic Bank of Credits, mosungira makirediti a wophunzira kuti akadzabwerera, ngakhale ku sukulu ina, adzayambire pamene analekezera. Kumeneko n'kwachizolowezinso kuti wokhala ndi dipuloma ya uinjiniya alowe chaka chachiwiri cha digiri. Ndikaona amisiri athu odutsa m'makoleji a ntchito zamanja ndi m'maphunziro a TEVETA, amene ena mwa iwo amandiposa pomva vuto la injini ndi khutu lokha, ndimaona kuti njira yomveka yowerengera zimene anaphunzira kale ingatipatse mainjiniya odziwa ntchito mwachangu kuposa kudalira ochokera ku sekondale okha.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vuto loyamba ndi maphunziro olephera amene munthu amayenda nawo kumsana, amene ophunzira a ku India amati backlog. Malamulo akalekerera, wophunzira amafika chaka chomaliza akadali ndi ngongole ya masamu a chaka choyamba, n'kudzailipira kumapeto poloweza mayankho a mayeso akale. Pa chikalata zonse zimaoneka zokhoza, koma munthuyo anaphunzira kupanga mapulani a nsanamira ndi mitanda asanamvetse masamu amene amafotokoza chifukwa chimene mtanda umapindikira. Uinjiniya suli ngati maphunziro ena amene mungayambire paliponse. Wosadziwa mmene mphamvu zimakankhirana pa chinthu choima sangamve za kulimba kwa zitsulo ndi konkire, ndipo wosamva zimenezo sayenera kuyandikira pulani ya mlatho. Lamulo lonena kuti phunziro lakuti silingatengedwe usanakhoze lakuti liyenera kukhala losagwedezeka, ngakhale wophunzira alire bwanji, ngakhale kholo lake likhale ndani.

Vuto lachiwiri ndinaliona ndi maso. Mnyamata wina anabwera kwa ife ndi avereji yokongola, ndipo m'sabata yoyamba ndinamutuma kukayesa konkire imene inali itangofika pamalo pamene timathira maziko a kalavati. Ntchito yake ndi yosavuta: kudzaza chitini chooneka ngati fanulo m'magawo, kusinja gawo lililonse ndi ndodo yachitsulo, kuchikweza pang'onopang'ono, n'kuyeza kuti konkireyo yaphwa mamilimita angati, kenaka kuthira ina m'zikombole kuti tidzaiphwanye pa makina pakatha masiku 7 ndi 28. Anaima chitini chili m'manja, akuyang'ana kapitawo amene sanafike n'komwe ku sekondale kuti amuuze poyambira. Titakhala pansi madzulo ndi chikalata chake, zinaoneka kuti pa makirediti osankha aja anatola maphunziro amene anzake anamuuza kuti aphunzitsi ake saumira mamakisi, ndipo m'labu ya ku koleji kwawo mmisiri ankayesa yekha ophunzira ambirimbiri ataimirira mozungulira. Mnyamatayo anali wanzeru ndipo lero ndi injiniya wodalirika, koma chaka chathunthu chinapita tikumuphunzitsa zimene makirediti ake ankanena kuti akuzidziwa. Kumene avereji ndiyo imatsegula khomo la ntchito, mwana wazaka 20 amasankha chimene chimakweza avereji, ndipo sindimuimba mlandu. Amafunika mlangizi amene amakhala naye pansi semesita iliyonse asanalembetse, munthu wodziwa kuti ameneyu akufuna kudzagwira za madzi, choncho asathawe phunziro la nthaka ngakhale likhale lowawa.

Tisaiwalenso kuti kusankha kumadya ndalama. Kuti wophunzira akhale ndi maphunziro asanu osankhapo, pafunika aphunzitsi asanu, zipinda zisanu, ndi ndandanda ya nthawi imene siombanitsa makalasi. Kuti wolephera abwereze msanga, phunzirolo liyenera kuperekedwa kawiri pachaka kapena pa tchuthi. Achinyamata ena ochokera m'makoleji ang'onoang'ono a ku India, amene amakhala ambirimbiri pansi pa yunivesite imodzi, anandiuza kuti kabuku kankaonetsa mndandanda wautali, koma kalasi yonse inkatenga phunziro limodzi lomwelo chifukwa mphunzitsi analipo mmodzi. Boma lawo linayesa kutseka mpatawu ndi maphunziro a pa intaneti a SWAYAM ndi NPTEL, amene ambiri amaphunzitsidwa ndi akatswiri a m'masukulu otchuka a uinjiniya a IIT, ndipo malamulo a 2021 amalola kuti mpaka 40 pa 100 alionse a maphunziro a semesita atengedwe motero. Kwa iwo zikhoza kuyenda, popeza intaneti kwawo ndi yotsika mtengo. Kwa wophunzira wathu amene amawerengera bandulo ndi kudikira magetsi, njira imeneyo ingathandize pa maphunziro oonjezera okha, ndipo palibe kanema amene angalowe m'malo mogwira chipangizo ndi manja.

Kwa makolo amene akulingalira zotumiza ana kunja, ndinene kuti kirediti ya dziko lina si yofanana ndi ya dziko lina. Ku South Africa bungwe la mainjiniya la ECSA limafuna makirediti osachepera 560 pa digiri ya zaka zinayi, chifukwa kumeneko kirediti imodzi ndi maola 10 a ntchito yonse ya wophunzira, kuphatikizapo kuwerenga payekha. Ku Ulaya chaka chimodzi ndi makirediti 60. Wina akaona 160 ya ku India pambali pa 560 akhoza kuganiza kuti mwana wake anaphunzira pang'ono, pamene kwasiyana ndi kawerengedwe chabe. N'chifukwa chake mgwirizano wozindikirana madigiri a uinjiniya pakati pa mayiko wa Washington Accord, umene unayamba mu 1989, South Africa n'kulowamo mu 1999 ndipo India mu 2014, umayang'ana kwambiri zimene womaliza maphunziro angathe kuchita. Funso lofunsa musanalipire ndalama si loti koleji ili ndi nyumba zokongola bwanji, koma ngati pulogalamu imene mwana akukachitayo, osati koleji yokha, inavomerezedwa ndi National Board of Accreditation, bungwe la ku India lounika ndi kuvomereza mapulogalamu a maphunziro, komanso ngati bungwe lathu loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE lidzaizindikire mwanayo akabwerako.

Mayunivesite athu ophunzitsa uinjiniya, monga MUBAS ku Blantyre, imene inaima payokha mu 2021, ndi MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, akadali pa msinkhu woti akhoza kuumba malamulo awo popanda kulimbana ndi miyambo yambiri yakale. Kulemba nambala ya makirediti pambali pa phunziro n'kosavuta. Chovuta n'kulola kuti wophunzira ayendedi molingana ndi nambalayo. Pempho langa ndi lakuti sukuluzi zikhale pamodzi ndi NCHE ndi bungwe la mainjiniya la Malawi Engineering Institution, zigwirizane tanthauzo limodzi la kirediti, zilembe poyera maphunziro a msana amene sadumphidwa ndi dongosolo lake, ndipo zivomerezane kuti chimene munthu wakhoza ku sukulu ina chiziwerengedwa ku inzake. Zaka zisanu zimene digiriyi imatenga kwathu kuno zikhale muyeso wa woyenda bwinobwino, koma pakhale malire omveka a woyenda pang'onopang'ono.

Pa tebulo limenelo pasasowe bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, limene linakhazikitsidwa mu 2015, pamodzi ndi osunga chuma cha mayunivesite. Ngati wotenga makirediti 12 adzalipira fizi yofanana ndi wotenga 22, ndipo ngongole idzawerengedwa pa zaka osati pa maphunziro, ndiye kuti ufulu woyenda pang'onopang'ono udzakhala wa ana a anthu opeza bwino okha, amenenso kubwereza chaka sikunkawathamangitsa pasukulu. Fizi iwerengedwe pa kirediti, ngongole itsatire momwemo, ndipo wobwereza phunziro limodzi alipire la limodzi lomwelo. Ndingakondwe akuluakulu oona za maphunziro m'mayunivesitewa atayankha kudzera m'nyuzipepala yomwe ino, kutiuza zimene malamulo awo akunena lero za wophunzira wa chaka chachitatu amene walakwa phunziro limodzi, ndi ndalama zimene amayenera kulipira kuti alibwereze.

Ine wanu,
Injiniya wa zomangamanga,
Blantyre